Zitumbuwa za Dyna

Dyna anatsitsimukira kuchipatala mutu ukuwanga, mwamuna wake Goliati ali kale m'bokosi. Munali mu Juni, ndipo kuzizira kwa ku Chiosya mukukudziwa. Banjali linalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka mipata yonse ndi nsanza, monga ankachitira aliyense pamudzipo.

Anthu ndi oipa, abale anga. Maliro asanathe n'komwe, mbiri inali itawanda kuti Dyna anamuthirira mwamunayo mankhwala a makoswe.

"Munagona chipinda chimodzi. Inu munapulumuka bwanji, mlamu?" anafunsa a Pius, achimwene a malemuyo.

Chomudyetsa Dyna chinali kugulitsa zitumbuwa, koma tsopano panalibe wofuna kudya chochokera m'manja mwake. Mwana akayandikira beseni la zitumbuwazo, mayi ake ankamukoka dzanja. Nayenso Dyna mantha anamugwira. Chinapha Goliati sankachidziwa, ndipo akamva kamutu pang'ono ankati chabwerera kudzatenga iye.

Njala itamupana, anapita kukafunsa namwino amene anamusamalira za chimene chinapha mwamuna wake.

"Moto umadya mpweya womwe timapumawu, mayi," anatero namwinoyo. "Mpweyawo ukachepa, makala amatulutsa mpweya wina wakupha, wosaoneka, wosanunkha. Umalowa m'magazi, munthu n'kugoneratu. Inu munagona chakukhomo, n'chimene chinakupulumutsani."

Atabwerera, Dyna anakoleza mbaula pabwalo. Anakazinga zitumbuwa n'kupalasa njinga mpaka ku Mkanda, kumene sankamudziwa. Masiku ena mbiri ija inkamupeza komweko, n'kubwerera beseni lili tho. M'mawa mwake ankakazinganso.

Kuzizira kutabweranso, anayamba kuyenda khomo ndi khomo. "Tulutsani mbaula musanagone. Chotsani nsanzazo."

"Onani, wakupha uja wasanduka mlaliki!" ankaseka anthu.

Tsiku lina ana a Pius anayamba kusanza m'nyumba yotseka, mbaula ili momwemo, wamng'ono ali lefu. Mayi awo, a Maria, anakumbukira mawu amene ankawaseka aja. Anakankha chitseko, n'kukokera anawo panja. Onse anatsitsimuka.

Loweruka lake a Maria anafika pa beseni la Dyna anthu akuona. Anatola chitumbuwa, analuma, anatafuna mosafulumira.

"Shuga mwaumira, mlamu," anatero. "Koma ndikulungireni zina za ana."

A Pius sanapepese mpaka lero, ndipo musayembekeze kuti adzatero. Koma Dyna ali ndi tiyirumu yake pa Mkanda, ya mawindo aakulu osatsekedwa, ndipo a ku Chiosya omwewo amakhala pa benchi n'kumaitanitsa.

Inu amene akukunenani zimene simunachite, musadikire kuti anthu akumvereni chisoni, alibe. Funsani mpaka mudziwe chimene chinakugwetsani, kenaka kolezaninso moto wanu, ngakhale muli ndi mantha. Osataya mtima.