Muyezo wa Bango

Amayi anga ankatigulira nsapato ndi bango. Ukaponda pansi, ankathyola bango lofanana ndi phazi lako, kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, n'kulimanga pamfundo ya chitenje. Kumsika ankakalilowetsa mu nsapato, likalowa bwino, basi nsapato ndi yomweyo. Mwana sankapita nawo, chifukwa ulendo wa ku Fingoe sunali wa ana. Ine ndinakula nazo zimenezo, ndipo mwana wanga wamkazi ndinkamugulira chimodzimodzi.

Chaka chimene ndikunenachi ndinkaphunzitsa ku Chiputo, komanso ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro aja umachita uli kwanu, mabuku n'kumawerenga ukaweruka. Ndinali wotopa kufikira m'mafupa. M'mawa choko, masana khasu, madzulo buku. Kunatsala mayeso amodzi okha, olembera pa intaneti m'chipinda china ku Fingoe, aliyense ndi laputopu yake. Ukawalephera amenewo, chaka chonse umachibwereza.

Laputopu yanga inali nkhalamba yondisiyira mlamu wanga, yolemera ngati mwala wa mphero. Kulemba inkalemba ndithu, koma kachipangizo ka m'kati kokokera wayifayi kanafa kalekale. Mphunzitsi mnzanga anati limenelo si vuto: kuli kena kotchedwa adaputadori kamene umangobaya m'mbali, pakabowo ka USB, n'kumakoka bwinobwino.

Mvula inali pakati. Msewu wathu nyengo imeneyo ndi phala, ndipo njinga yamoto ikafika ku Fingoe isanakugwetse umathokoza Mulungu. Ndinaopa kunyamula laputopu maulendo awiri, wokagula ndi wokalemba. Ndiye ndinachita zimene manja anga amadziwa. Ndinatenga kabango n'kukapala ndi mpeni mpaka kanafanana ndi kabowo kaja. Bambo a kunyumba anandipeza ndili kalikiliki.

"Amayi, kodi nayonso ikufuna nsapato?"

Ndinawauza kuti akaone mbuzi zawo.

Ku Fingoe ndinalowa m'sitolo ya bambo wina wogulitsa mafoni ndi masola kwa anthu okumba golide. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kuika kabango patebulo. Anakayang'ana, anandiyang'ana, koma sanaseke. Pa chimenecho ndimamuyamikirabe. Anandiitana monga kwathu amaitanira mphunzitsi aliyense.

"Apulofesora, mabowowa ndi ofanana onse, adaputadori iliyonse ilowa. Koma makina anuwo ndi a chaka chanji? M'kati muli sistema yanji?"

Sindinkadziwa. Koma pambali panga panali makolo awiri a ana a m'kalasi mwanga, akusankha wailesi, makutu ali kwa ine. Mphunzitsi anene kuti sakudziwa, pamaso pa makolo?

"Ingondipatsani yabwino kuposa zonse, bambo."

"Mukanabwera nawo makinawo, tikanayesa."

"Ndati yabwino kuposa zonse."

Anandipatsa yatsopano, yonyezimira, ya nyanga ziwiri ngati mbuzi. Kunyumba ndinaibaya pakabowo, inalowa bwinobwino, kanyali kobiriwira n'kuyaka. Kwathu kulibe wayifayi yoti n'kuyesera, choncho kanyaliko ndinakakhulupirira. Sabata imeneyo ndinangolimbana ndi mabuku, mtima uli m'malo.

Tsiku la mayeso ndinakulunga laputopu m'pepala la pulasitiki n'kuibereka kumbuyo ngati khanda. Tinagwa kamodzi pamatope, ine ndinagwera chamimba dala kuti iyo isakhudze pansi. Ndinalowa m'chipinda cha mayeso ndi chitenje chofiira dothi. Anzanga anatsegula makina awo, onse analumikizika. Ine ndinabaya ya nyanga ija. Kanyali kanayaka, koma laputopu inalemba kuti chinthu chimenechi siikuchidziwa. Inkafuna pulogalamu yochiyendetsera, ndipo pulogalamuyo inali pa intaneti yomweyo imene ndinkalephera kuifikira. M'bokosi munali kachimbale, koma kadirowa koikamo zimbale kanasiya kutseguka mlamu wanga asanandipatse n'komwe.

Woyang'anira mayeso anabwera n'kuwerama.

"Senyora, nthawi yayamba kuyenda. Akakwana maola awiri tsambali limadzitsekera lokha. Wotseka si ine."

Ndinaberekanso laputopu n'kuthamanga, mayi wamkulu ngati ine, anthu akundiyang'ana. Sitolo ndinaipeza yotseka. Mwini wake anali atapita kukasiya masola kumigodi, ndipo mkazi wake ndiye anamuimbira foni. Ndinakhala pakhonde kudikira. Sindinalire. Ndinkangowerenga m'mutu madzulo onse amene ndinakhala pabuku mwana wanga akuphika yekha.

Kenako mwini sitolo uja anafika. Anatsegula laputopu, anayang'ana zolembedwa, n'kutulutsa pansi pa tebulo chitini chakale cha mkaka chodzaza ndi tizipangizo tafumbi. Koyamba kanakana. Kachiwiri kanakana. Kachitatu, kakang'ono ngati chikhadabo, kopanda nyanga kopanda nyali, kanangolowa laputopu n'kukalandira pomwepo, mayina a mawayifayi a pamsika n'kuyamba kuoneka.

"Mwaona, apulofesora? Chakale chimayenda ndi chakale chinzake. Kulowa pabowo si kumvana ayi. Katengeni, ya nyangayo isiyeni pompano."

Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri. Ndinabwerera m'chipinda kutatsala mphindi zosakwana makumi atatu. Mafunso ndinkawadziwa, chimenecho ndiye chimandiwawa mpaka lero. Ndinali pakati pa yankho lachitatu pamene tsamba linadzitsekera. Chaka chija ndinachibwereza chonse, mabuku omwewo, nyali yomweyo. Bambo a kunyumba sanatchulenso za nsapato.

Mvula itatha, nsapato za mwana wanga zinang'ambika. Ndinamuitana kuti aponde pansi, bango lili kale m'manja. Ndinawerama, ndinayeza, koma pothyola ndinaima.

"Kasambe, tipitire limodzi."

"Ku Fingoe, amayi? Ine?"

Anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo anali asanayesepo nsapato pamsika. Ndinamusankhira imene bango likanasankha. Anaivala, anayenda mapazi atatu, n'kuivula. Anafufuza yekha pamuluwo mpaka anapeza ina yosakongola, yotakata kutsogolo. Ataivala anaima chilili, n'kumagwedeza zala m'katimo.

"Imeneyi siikuluma," anatero.

"Kodi zina zimaluma?"

Anavula n'kundionetsa phazi. Pa kachala kakang'ono panali chikang'a cholimba, phazi linalo chimodzimodzi. Kutalika bango linkayeza bwino, koma mwanayo ali ndi phazi lotakata la bambo ake, ndipo ine mayi wake ndinali ndisanaliyang'anepo m'lifupi.

"Zonse zimene mwakhala mukundigulira, amayi."

"Nanga bwanji sunkanena, mwanawe?"

Anayang'ana pansi, akupukuta fumbi pa nsapato yatsopanoyo ndi chala.

"Mumabwera mutatopa."