Galimoto ya Aneba Ili Pamadzi

Aneba athu kuno ku Chinsapo sadziwa kudandaula. Chilichonse chikachedwa, kaya mvula kaya minibasi, amangoti, "Chili pamadzi, achimwene!"

Mawuwa anayamba ataitanitsa galimoto ku Japan. Anamangiratu galaja, n'kumaisesa m'mawa uliwonse uku akutiuza pomwe sitima yapamadzi yonyamula galimotoyo yafika. Nkhuku ya akazi awo itaona nyumba yabwino yopanda mwini, inaikiramo mazira.

Tsiku lomwe galimoto inafika, tonse tinakhamukira kumeneko, koma mayiwo anatsekereza pakhomo pa galaja.

"Bambo, nkhuku ikufungatira muno. Musaisokoneze."

Bambowo anaseka mpaka misozi, n'kukaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango.

"Ifetu tinaidikira miyezi itatu galimotoyi. Nayonso idikire anapiye!"