Mphepo imene ndinainamizira

Ndinawotcherera thanki ya gasi wozizira kwambiri ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu. Thanki yotere tikaiwotcherera timaitenthetsanso, kenako n'kuifunditsa kuti izizire pang'onopang'ono, apo ayi imadzang'aluka ili pantchito. Ine ndi njala yanga ndinavundukula mbali imodzi n'kuwotchapo chimanga chachiwisi. Mita yoyezera kutentha inatsika.

"A Phiri, chachitika n'chiyani?" anafunsa injiniya wathu, mayi Gondwe.

"Mphepo ya Mzuzu, mama," ndinatero, chimanga chikundiwotcha m'thumba la ovololo.

Anandikhulupirira. Tinayambiranso kutenthetsa tsiku lonse, ndipo analamula kuti titchinge ndi malata shedi yonse imene tinkagwiriramo ntchito. Amene anakhoma misomali mwakhama kuposa onse ndinali ine.

Titamaliza, mayi Gondwe anandigwira chanza mondithokoza anzanga akuona. "Yewo chomene, a Phiri. Pakanapanda inu sitikanadziwa za mphepoyi."