Sutikesi ya Amalume, Kuchokera ku Chaneng Kukafika ku Johannesburg

Tinanyamuka ku Chaneng cha m'ma seveni m'mawa, mwezi wa Julaye, chisanu chikuluma m'makutu. Zinali zaka zochepa dziko la Joni litasintha boma. Ine ndinali nditakhalako zaka ziwiri, ndikugwira maganyu omanga nyumba. Amalume anga, a Bonifasi, anali atakhalako zaka zoposa makumi awiri, akugwira ntchito pansi pa mgodi. Kwathu ku Ntcheu anali atawawerengera kale m'gulu la matchona. Tsopano chifuwa chinali chitawatha mphamvu, ntchito atasiya, ndipo ine ndinkawaperekeza kukakwera basi ya ku Malawi.

Tinali titakangana sabata yathunthu za chonyamulira katundu. Ine ndinkalimbikira chikwama chobereka kumsana, chonga changa. Chimasiya manja ali omasuka, ukhoza kuchifungata m'takisi, ndipo sichichita kulengeza kuti uli pa ulendo. Koma iwo anapita m'tauni okha n'kubwera ndi sutikesi yaikulu ya matayala awiri.

"Amalume, matayala awa anawapangira pabwalo la ndege, osati kuno," ndinatero.

"Iwe Yohane, tiye tizipita," anayankha.

Msewu wochoka pachipinda chomwe ankachita lendi unali wafumbi ndi timiyala. Tisanapitirire nyumba zisanu, tayala limodzi linadzaza mchenga n'kusiya kuzungulira. Sutikesi inayamba kulima mzere ngati khasu la ng'ombe. Ndinaisenza pamutu, chikwama changa chili kumsana. Ndinkayenda moti aone kuti ndinanena zoona. Iwo ankabwera m'mbuyo, akuima kawirikawiri kuti atsokomole.

Takisi za kumeneko ndi zija ife timati minibasi. Dalaivala ataona katunduyo anapukusa mutu n'kulankhula Chitswana mwaliwiro. Amalume anamuyankha m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi, mpaka onse awiri anaseka. Zinatha motere: sutikesi ikhale pampando wakewake ndipo ilipire marandi asanu ngati munthu. Inakhala pawindo, ine ndinapanikizika pakati.

Tinadutsa ku Phokeng dzuwa litayamba kufunda. Chapatali kunkaoneka nsanja za migodi ndi milu ya dothi lotuwa. Amalume analoza nsanja imodzi ndi chibwano. "Apo ndinalowa ndili ndi mano onse." Sanayang'anenso kumeneko.

Pamalo okwerera takisi ku Rustenburg tinafika cha m'ma naini. Ndinakhala pansi n'kuchotsa mchenga m'tayala ndi msomali, ndipo linayambanso kuzungulira. Mayi wina wogulitsa magwinya, omwe ndi mandasi aakulu a kumeneko, anatimva tikulankhula. Anali wa ku Tete.

"Bambo akupita kumudzi?" anafunsa m'Chinyanja.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Wa chikwama amabwerera. Wa sutikesi yotere ndiye kuti watsanzika."

Titagula magwinya, anawonjezera limodzi laulere, nati amalume akadyere pa Mwanza.

Takisi ya ku Johannesburg inali ndi kangolo kumbuyo, choncho ulendo uno sutikesi sinalipire mpando. Tinadutsa m'mapiri a Magaliesberg, msewu ukukhotakhota pakati pa minda. Amalume anagona atatsamira phewa langa. Ndinadabwa kupepuka kwawo. Amayi anga ankandiuza kuti mlongo wawoyu ankanyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi.

Tinatsika mumzinda dzuwa lili pamutu. Kuchoka pamenepo kukafika pomwe pankaima basi panali kamtunda ndithu, anthu ali pikitipikiti, ogulitsa malonda atadzaza m'mbali mwa msewu. Ndinaweramira sutikesi kuti ndiisenzenso. Amalume anandigwira dzanja.

"Isiye."

"Mutopa, amalume."

"Tamvera. Zaka zonsezi msana uwu wasenza zitsulo za eni ake. Chikwama chako chija ndinachiyesa tsiku lina iwe kulibe. Ndinalephera kufika nacho pakhomo." Anapuma pang'ono. "Pa Ntcheu ndikatsika ndekha. Mayi ako akandione ndikubwera ndi katundu wanga, osati wina atandinyamulira."

Anasolola chogwirira, napendeketsa sutikesi, nayamba kuyenda. Pasimenti matayala aja ankangoti gudugudu, osavuta konse. Munali mabulangete awiri, nsalu za amayi, wailesi ndi jombo zawo za kumgodi, koma ankaikoka ndi dzanja limodzi, mutu uli chilili. Ine ndinkatsata m'mbuyo, maso ali pa anthu opisa m'matumba ndiponso pa miyendo ya amalume. Manja anga anali omasuka, okonzeka kuwagwira akadzandira. Anaima kawiri kuti apume. Sanadzandire.

Pa basi anapereka okha sutikesi kwa wolongedza katundu, natchula okha dzina lawo ndi kumene akatsikire. Atakwera anakhala kuwindo, nandikwezera dzanja kamodzi kokha.

Mpaka lero wondifunsa za chonyamulira katundu ndimamuuza mosakayika kuti pa misewu ya ku Chaneng, Luka kapena Boitekong atenge chikwama chobereka. Koma ndisanayankhe ndimayamba ndafunsa kuti wonyamulayo ndani, ndipo akamupeza ndani kumene akupitako. Patapita milungu itatu amalume atanyamuka, amayi anandilembera kalata. Anati mlongo wawo anatsika basi akukoka katundu wake yekha, ndipo iwo anamuzindikira ndi kayendedwe asanaone nkhope.