Filimu ya Chimwenye Imene Inaliza Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene vidiyo inafika pa Mitundu, mavoti a zipani zambiri atangodutsa kumene. Che Amidu, amene anali ndi golosale pafupi ndi msika, anagula wailesi ya kanema ndi jenereta, n'kutchinga mawindo a chipinda cha kuseri ndi ziguduli. M'katimo munkanunkha petulo, thukuta ndi makoko a nzimbe. Amayi anga, a Nabanda, ankagulitsa zitumbuwa pakhonde pomwepo, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala nawo. Mafilimu ndinkawamva ndi makutu okha.

Pakhondepo mikangano sinkatha. Malume anga a Dyson, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, ankakonda za karate za ku China ndi za azungu a mfuti zosatha zipolopolo. Za chimwenye ankazinyoza. “Munthu adani amuzungulira, iye ayambe waimba kaye nyimbo! Mwamuna wandevu zake kumalira ngati khanda!” Che Amidu ankayankha mofatsa kuti matepi awo ankachokera kummwera kwa India, ena m'Chitamili, ena m'Chimalayalamu. “Tawaonetsetsani anthuwo. Ndi akuda ngati ife, amalima, amayenda opanda nsapato.” Amayi sankalowererapo. Ankangoingitsa ntchentche.

Amayi anali munthu wosaseka komanso wosalira. Bambo anga, telala wochokera ku Nathenje, anatengedwa ndili wamng'ono ndi anthu amene anabwera pa galimoto, akuti chifukwa cha mawu ena amene anayankhula pa mowa. Masiku amenewo munthu sunkafunsa, ndipo kulira poyera kunali kudziputira mavuto. Zinthu zitasintha, ena anabwerera. Bambo wina wa ku Malingunde anafika ataonda, mano atatha, mudzi wonse n'kumulandira ndi nthungululu. Athu sanabwere. Ndikafunsa, amayi ankangoti, “Ali pa ulendo.”

Tsiku lina masana, chimanga chili m'chiuno, kunagwa chimvula champhepo chimene chinkalowa mpaka pakhonde. Che Amidu anasuzumira pakhomo. “A Nabanda, lowani muuse mvula ndi mwanayo. Zitumbuwa zinganyowe.” Tinakhala pa benchi ya kumbuyo, beseni lili pamiyendo pa amayi.

Inali ya chimwenye. Ndinadabwa ndi kubiriwira kwake: migwalangwa yaitali, minda yodzaza madzi, mvula yogwa ngati yathu yomwe inali panjayo. Munali mayi wina wowonda, wa zibangili zambiri m'manja, amene mwamuna wake anakwera sitima ya pamtunda osabweranso. Mawu panalibe amene ankamva, choncho a Dyson anadzipatsa ntchito yomasulira. Mayiyo akayankhula, iwo ankati, “Akuti mchere watha.” Akayamba kuimba, “Akuti mbuzi zadya mpunga.” Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka.

Kenaka kunabwera nkhalamba ina kunyumba kwa mayiyo. Inaima pakhomo osalowa, n'kuyankhula mawu ochepa itawerama.

“Akuti mubweze nkhwangwa yanga,” anatero a Dyson.

“Dyson, khala chete.” Anali mawu a amayi, ndipo chipinda chonse chinacheuka. “Sakunena zimenezo. Akumuuza kuti asiye kudikira.”

Pa kanema paja, mayiyo anakhala pansi n'kuyamba kumenyetsa manja pa mwala, zibangili zikusweka, kenaka anakuwa. Pambali panga beseni linapendekeka. Amayi analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kochokera m'mimba, akutchula dzina la bambo mokweza pamaso pa anthu. Zitumbuwa zinamwazikira pansi. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, kenaka ndinangowakumbatira mkono n'kumalira nawo. Che Amidu anatsitsa mawu a kanema koma sanazimitse. Palibe anatuluka. A Dyson anagwada n'kumatola zitumbuwa chimodzichimodzi, osadzutsa mutu.

Loweruka lake amayi anandiveka diresi ya kutchalitchi, tinauyamba wa ku Nathenje m'njira yamatope, miyendo yofiira mpaka m'mawondo. Tinapeza azakhali anga a Naphiri, mlongo wawo wa bambo, akusenda maungu. Amayi anagwada patali pang'ono.

“Alamu, ndabwera kuti timulire munthu uja.”

Azakhali anaika mpeni pansi. “Ife timaopa kuyamba, mungati takutayani.”

“Inenso ndimaopa inu.”

Anthu atakolola, maliro a bambo anachitika kwawo ku Nathenje. Poti thupi panalibe, m'bokosi anaikamo thunthu la nthochi ndi jekete imene anadzisokera okha. Amayi a mvano anaimba, adzukulu anakumba manda enieni, ndipo m'mawa mwake tinametedwa. Ndimakumbukabe kuzizira kwa mphepo ya mu Juni pa mutu wanga wopanda tsitsi. Kuyambira pamenepo amayi anayamba kundiuza za bambo: kuti ankaimba mluzu posoka, kuti ankaopa achule. Anayambanso kuseka, pang'onopang'ono.

A Dyson sanasinthe maganizo. Mpaka imfa yawo ankati za chimwenye n'zazitali mopitirira muyeso ndipo nyimbo zake zimachedwetsa ndewu. Koma kumasulira anasiyiratu.

Lero chipinda cha Che Amidu ndi mosungira feteleza. Ana anga amaonera mafilimu a dziko lililonse pa foni, ena omasuliridwa kale m'Chichewa, aliyense payekha, tizingwe tili m'makutu. Wina akalira, mnzake sadziwa. Amakangana za Chitamili ndi za ku Korea ngati akatswiri, ndipo nkhani ya agogo awo aamuna amaikamba momasuka, osatsitsa mawu ngakhale pang'ono.

Filimu ija sindidziwa dzina lake. Mwana wanga wamkazi wayesa kuifufuza pa foni, kundionetsa nkhope za amayi ambiri a zibangili, koma sitinaipeze. Nditapita ku Mitundu ndinawauza amayi, amene tsopano amayenda ndi ndodo, kuti tikaipeza tidzabwera nayo aionerenso.

Anapukusa mutu. “Musavutike, mwanawe. Kamodzi kaja kanakwana.”