Zimene Arieta Anaona pa Kompyuta ya Kelera

Arieta Naivalu wakhala akukonza makompyuta kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa kampani ina ya sitima zonyamula katundu mumzinda wa Suva. Ofesi yake ndi kachipinda kopanda zenera, koyandikana ndi mosungira matsache. Anthu amamukumbukira pokhapokha chinthu chikafa.

Chaka chatha vairasi inalowa kudzera pa tsamba lina la pa intaneti n'kutseka ndandanda yonse ya katundu. Sitima yopita kuzilumba za Lau inakhala padoko masiku awiri, nkhuku za m'firiji n'kuyamba kununkha. A Goundar, mkulu wa kampaniyo, analumbira kuti zotere sizidzachitikanso, ndipo anagula pulogalamu yatsopano yoteteza makompyuta.

Pulogalamuyo sinali ngati yakale. Masiku ano zambiri zoyenda pa intaneti zimakhala zokhoma kuti wapanjira asawerenge. Iyi inkatsegula chilichonse cholowa ndi chotuluka, kufufuza ngati muli vairasi, kenako n'kukhomanso. Ntchito yonseyo inkadya nthawi. Tsamba lomwe kale linkatseguka munthu asanaphethire linayamba kudikiritsa mpaka tiyi kuzizira.

"Asisi, makina anuwa akalamba limodzi ndi inu eti?" ankatero Kelera Baleiwai, kalaliki wolembetsa katundu, mayi wanthabwala amene ankagawira aliyense roti wake, buledi wopyapyala wonga chapati. "Kasitomala wafika ali mnyamata, achoka pano ali ndi imvi!"

"Kadandauleni kwa amene anagula," Arieta ankayankha osatembenuka n'komwe.

Lachiwiri lina masana, mvula ikugwa monga mwa masiku onse, pulogalamuyo inachenjeza za tsamba lokayikitsa pa kompyuta ya Kelera. Arieta anatsegula kuti aone. Munalibe vairasi. Munali uthenga umene Kelera analembera chipatala china ku Auckland, wofunsa za chotupa cha m'bere, ndiponso ngati munthu angadikire osayamba chithandizo mpaka mwana wake atalemba mayeso. Arieta anatseka msanga, koma anali atawerenga kale mizere inayi.

Kuseri kwa khoma ankamva Kelera akuseka ndi woyendetsa lole.

M'mawa mwake anakagogoda kwa a Goundar.

"Bwana, ndikufuna pulogalamu ija isiye kutsegula za zipatala ndi za mabanki."

"Nanga vairasi ikadzera komweko?"

"Ikhoza kudzera."

"Ndiye mukundiuza kuti ndiboole mpanda umene ndamanga ndekha?"

"Ndikukuuzani kuti ndikuona zinthu zosandikhudza, bwana. Ndatopa nazo."

A Goundar anafunsa kuti, "Mwaona chiyani?"

"Zosakukhudzaninso inuyo."

A Goundar anavomera monyinyirika, koma anati Arieta asaine pepala loti ganizolo ndi lake, zikadzavuta asadzaloze wina. Arieta anasaina. Anamatanso chidziwitso pafupi ndi ketulo, chouza antchito onse kuti zimene amachita pa makompyuta a ofesi zimatha kuonedwa. Anadziwa kuti anayenera kumata pepalalo tsiku loyamba lomwe, koma nthawi imeneyo mutu wake unali pa vairasi basi.

Kelera anawerenga chidziwitsocho ataimirira, kapu ili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo nthabwala zinatha. Kwa milungu itatu moni wake unali wa pamwamba chabe. Tsiku lomaliza asanapite kutchuthi chimene anauza anthu kuti n'chokaona mchemwali wake, anaima pakhomo la kachipinda kaja.

"Munaona eti?"

"Ndinaona."

"Mwauza ndani?"

"Palibe."

Kelera anagwedeza mutu. "Amuna anga sanadziwebe. Ndiye taganizani, woyamba kudziwa ndi inu, munthu wa mawaya." Anaseka pang'ono, koma maso ali ofiira. Kenako anatembenuka n'kumapita.

Anabwerako patatha miyezi isanu, ataonda, atavala duku, ndipo tsopano amagwira ntchito masiku atatu pa mlungu. Akafuna kulemba zake amatuluka panja ndi foni yake, ngakhale mvula ikugwa.

Arieta akadali m'kachipinda komweko. Mlungu uliwonse wina amabwera kudzapempha kuti tsamba lakuti lichotsedwe pa zofufuzidwa, ndipo a Goundar amabwera kudzafunsa chifukwa chake ndandanda ya masamba osafufuzidwawo ikutalika. Mwezi watha Arieta anapereka kalata yopempha kupuma pa ntchito chaka chamawa. A Goundar anaiika m'dirowa n'kunena kuti akambirana nyengo ya mphepo zamkuntho ikadutsa.