Mkamwini Wothamanga wa ku Kaomba

Yobe Mwale anali mkamwini ku Kaomba, mlimi wa fodya wa bale, munthu wamtali wosalankhulalankhula. Kwawo kunali ku Njombwa, koma atakwatira Agnesi anamanga nyumba kuseri kwa nkhokwe ya apongozi ake, aNabanda, ndipo ankalima munda umene iwo anamugawira. Anthu ankamudziwa ndi chigafa chake chosadontha basi, mpaka chaka chimene anayamba kuthamanga.

Matendawa anawatenga kuboma ku Kasungu. Anapitako ndi kuponi yake kukagula feteleza wotsika mtengo, n'kupeza mzere wautali, katundu asanafike. Dzuwa litamutopetsa analowa m'nyumba yoonetsa kanema ya mnzake Stewart, momwe ankaonetsa mpikisano wa liwiro wa mumzinda wina waukulu wakunja. Anaona khamu likusefukira mumsewu ngati linthumbu, ndipo kutsogolo kunali amuna owonda ngati iye, a miyendo yonga yake.

"Amenewa akathamanga mpaka kuti?" anafunsa Yobe.

"Kuchokera pano mpaka kupitirira kwanu," anayankha Stewart. "Osaima. Ku Blantyre nakonso umachitika."

Yobe anatuluka feteleza atabwera n'kutha.

Kuyambira pamenepo ankati akathirira nazale m'mawa, ankavala kabudula ndi nsapato za pakaunjika n'kuuyatsa ulendo m'misewu ya m'maesiteti. Mayina a akatswiri ankawadziwa pamtima, ndipo akamva pawailesi kuti kwinakwake kuli mpikisano, khasu ankaliika pansi. Koma m'mudzi munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Amayi a pamjigo ankafunsa Agnesi kuti, "Kodi amuna anu analakwira ndani?" Agnesi ankangosenza ndowa yake n'kumapita.

Tsiku lina Yobe akutuluka pakhonde la chigafa cha eni ake ali pa liwiro, anakumanizana ndi apongozi ake m'kanjira kopapatiza. Mkamwini amapatuka akadali patali, n'kunjuta. Iye analibe mpata: thukuta lili chuchuchu, ntchafu zili pamtunda, anangodzigwetsera m'tchire la chisoso. ANabanda anatembenuzira nkhope kumbali, nadutsa ngati sanaone kanthu.

"Bambo a Dina, mwandivula," anatero Agnesi masana ake, mwana wawo Dina ali pambali pake. "Amayi akana kudya."

Yobe anapepesa, nasintha njira, koma sanaleke.

Mpikisano wa ku Blantyre unagwa nthawi yoipa, mvula ili pafupi, mbande za fodya zikufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Agnesi anali ndi pakati, ntchito yolemetsa sankaitha. Yobe anapempha mlamu wake Wyson kuti azithirira nazale, Wyson n'kuvomera ndi pakamwa pokha, maso ali pabawo. Yobe anaona, koma mtima unali utapita kale. Anakwera basi.

Mumzindamo anamupatsa nambala yomata pachifuwa. Ataima pakati pa khamulo, n'kuona akatswiri amene ankangowamva pawailesi ali pafupi moti akanatha kuwagwira, mutu unamuzungulira ndi chimwemwe. Mluzu utalira anaiwala zonse zimene ankadziwa zosunga mphamvu. Anadutsa anthu ngati akuthamangitsa mbuzi yolowa m'dimba, mpaka anapezeka ali patsogolo pa onse, galimoto ya ojambula ili pamaso pake.

Ku Kasungu, anthu amene anadzaza kwa Stewart anaimirira n'kukuwa. "Ndi Mwale uyo! Ndi wa kwathu uyo!" Wina anakwera njinga kukauza mudzi kuti mkamwini wa aNabanda akutsogolera dziko lonse.

Koma Blantyre si Kasungu. Kwawo dziko ndi lathyathyathya, munthu umaona kumene ukupita. Kuno msewu unayamba kukwera, n'kukwerabe. Phula linkatentha kudzera m'nsapato. Akatswiri aja anamudutsa mwakachetechete, osapuma n'komwe mwamphamvu. Anamudutsa asilikali, anamudutsa amayi, anamudutsa mkulu wina wa imvi amene anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, achimwene." Asanafike ndi theka lomwe, miyendo inauma ngati mitengo ya chigafa. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, nasanza, ana a m'makwalala akumuyang'ana. Galimoto yotola olephera inamunyamula pamodzi ndi ena, onse atazolika.

Pobwerera anatsikira patali n'kudzera njira yakudambo kuti asaonane ndi anthu. Ankati ayambe waona nazale. Ankayembekezera kupeza mbande zitapserera, ndipo anali atakonza kale mawu okalipira Wyson.

Anapeza mabedi ali obiriwira, dothi lili lonyowa. Kuchokera kuchitsime kunkabwera aNabanda, kheni yothirira kudzanja ili, kheni kudzanja linalo, msana utapindika, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo. Ankayenda pang'ono n'kutula, kuyenda pang'ono n'kutula. Wyson sanapondeko n'kamodzi komwe.

Yobe anafuna nthaka itang'ambika. Ananjuta patali, nawomba m'manja.

"Mwabwerako, aMwale?" anafunsa aNabanda, maso ali kumbande.

"Ndabwerako, amayi."

"Timamva kuti munali patsogolo."

"Poyamba pokha, amayi. Sindinamalize. Anachita kundinyamula."

Mayiwo anapukuta manja m'chitenje. Yobe ankalakalaka atamukalipira, atamutchula ulesi, ngakhale kumuuza kuti alongedze azipita kwawo ku Njombwa. Zimenezo akanazisenza.

"Bedi lakumapetoli muli nyongolotsi zodula mbande," anatero aNabanda. "Mulione msanga." Anasiya makheni pomwepo, nauyamba wa kumudzi atagwira m'chiuno.

Sabata imeneyo mayiwo sanadzuke chifukwa cha msana, ndipo mudzi wonse unadziwa chifukwa chake. Za kugwa kwake ku Blantyre anthu anaseka masiku ochepa n'kuiwala, koma izi sankaseka, ankangotsitsa mawu iye akamadutsa. Kutchalitchi Yobe ankakhala benchi lakumbuyo. Anawaza nkhuni za apongozi ake, anafoleranso khitchini yawo, zonse osatumidwa, koma akamva kutsokomola kwawo kuseri kwa mpanda ankasowa poyang'ana.

Mvula itagwa anawokera fodya uja, ndipo anachita bwino kuposa wa aliyense m'deralo. Odutsa ankaima kumuyamikira. Iye ankangoti, "Si ine ayi," n'kuweramiranso mumzere.

Agnesi anabereka mwana wamwamuna fodya akuthyoledwa. Yobe sanapitenso ku Blantyre. Kuthamanga amathamangabe mwa apo ndi apo, nthawi yachilimwe ntchito zikachepa, atavala buluku lalitali. Chaka china aphunzitsi a pasukulu yapafupi anamupempha kuti azithandiza ana okonzekera mipikisano. Anakana kawiri, kachitatu n'kuvomera. Amaima kumapeto kwa bwalo manja ali kumbuyo, ndipo mwana akaphulika ndi liwiro poyambira, Yobe amamuitana pambali n'kumulankhula motsitsa, anzake asamve.